NDALAMA ZA GOLIDI ZOKUMBUKIRA MAFUMU: PHUNZIRO KWA IFE A KUNYANJA

Munthu amene angalawirire ku Senga Bay kapena ku Chipoka, pamene mabwato a asodzi akukocheza, adzaona chinthu chimene makolo athu sakadachikhulupirira. Mayi wogula usipa amamasula mpango wake, natulutsa mtolo wa ndalama za pepala, nayamba kuwerenga monyowetsa chala kufikira dzuwa litatentha. Koma nsomba zimene alandira posinthana ndi mtolowo sizidzaza ndi beseni lomwe. Ndalama za chitsulo, zimene kale zinkalira m'matumba mwa anthu pa msika wa Kamuzu Road, palibenso amene amazilabadira zikagwa pansi.

Pamene zinthu zili chotere kuno kwathu, kunja kukumveka mbiri ina. Mtengo wa golidi wakwera koposa m'zaka zapitazi. Mu August 2020 aunsi imodzi, imene ili magalamu 31, idapyola madola 2,000 a ku America kwa nthawi yoyamba. Mu March 2025 idapyola madola 3,000, ndipo mu October chaka chomwecho idapyola madola 4,000. Pamodzi ndi kukwera kumeneku, maso a anthu achuma atembenukira ku ndalama za golidi zosulidwa pokumbukira ufumu wa mafumu. M'chaka cha 2022, Mfumukazi Elizabeth II atakwanitsa zaka 70 ali pa mpando, nyumba yosula ndalama ya Royal Mint ku Britain idasula ndalama imodzi ya golidi yolemera makilogalamu 15, imene idalembedwa mtengo wa mapaundi 15,000. Mfumukaziyo atamwalira pa 8 September chaka chomwecho padasulidwa ndalama zina zowakumbukira, ndipo mwana wao Charles III atavekedwa chisoti pa 6 May 2023 padasulidwanso zina.

Wina angafunse kuti golidi wa ku Mangalande akumukhudza bwanji msodzi wa ku Lifuwu kapena mlimi wa thonje wa kwa Khombedza. Ife tikuti akumukhudza ndithu. Mfumukazi imeneyi idakhalapo mfumukazi ya dziko lino, ndipo mafumu a kunyanja kuno adachita nayo nkhani. Golidi wambiri wa m'ndalama zoterezi adakumbidwa ndi manja a ana a dziko lino. Ndiponso dziko lathu lomwe lidasulapo ndalama ya golidi, imene mbiri yake ikutiuza zambiri za Kwacha imene mayi wa ku Senga Bay uja akuvutika kuwerenga.

MITENGO ITATU YA NDALAMA IMODZI

Choyamba tiyenera kumvetsa kuti ndalama ya chikumbutso si ndalama yogulira mchere. Imasulidwa yowerengeka, imaikidwa m'kabokosi, ndipo imagulitsidwa kwa anthu okonda kusonkhanitsa ndalama kapena ofuna kusunga chuma chao. Ili ndi mitengo itatu. Pali mtengo wolembedwa pa ndalamayo, umene kawirikawiri umangokhala dzina chabe. Pali mtengo wa golidi amene ali m'kati mwake, umene umakwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku m'misika ya ku London ndi kwina. Ndiye pali mtengo wa kasowedwe kake, umene umadalira kuti zidasulidwa zingati, ndi kuti alipo angati amene akuzifuna.

Chitsanzo ndi ndalama ya ku Britain yotchedwa Sovereign. Idayamba mu 1489, m'nthawi ya Mfumu Henry VII, ndipo maonekedwe amene ili nawo tsopano adayamba mu 1817. Imalemera magalamu pafupifupi 8, ndipo mwa magawo 24 aliwonse, magawo 22 ndi golidi. Mtengo wake wa lamulo ndi paundi imodzi yokha, chonsecho golidi wake ndi wa mapaundi mazana angapo. Wogula ya chikumbutso amalipiranso pamwamba pa golidiyo chifukwa cha luso la wosula, kabokosi ndi dzina la mwambowo. Ndipo si kawirikawiri kuti zonse zimene adaonjezerazo zimubwerere pa tsiku logulitsa. Komanso golidi satsimikizira phindu. Amene adagula mu January 1980, pamene aunsi idafika madola 850, adadikira zaka zoposa 25 kuti mtengowo uonekenso. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

GOLIDI WA YANI?

Mwambo wosula golidi pa chikondwerero cha ufumu udakula m'nthawi ya Mfumukazi Victoria. Mu 1887, atakwanitsa zaka 50 pa mpando, padatuluka ndalama za golidi za mapaundi 2 ndi mapaundi 5 zokhala ndi chithunzi chao chatsopano. Chaka chimodzi izi zisadachitike, mu 1886, golidi adapezeka ku Witwatersrand, kumene kudamera mzinda wa Johannesburg, umene ife timautcha Joni. Patapita zaka zowerengeka, mu 1891, dziko lino lidalowa m'manja mwa Britain, ndipo posakhalitsa atsamunda adakhazikitsa msonkho wa nyumba. Munthu wa kumudzi, amene chuma chake chidali mbuzi, nsomba ndi nkhokwe, adayenera tsopano kufuna masheleni okhala ndi nkhope ya mfumu ya kutali, ndipo njira imodzi yowapezera idali kutsika kumwera.

Bungwe la Wenela lidayamba kulemba anthu a dziko lino kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Imfa za chibayo zidachuluka kwambiri kotero kuti mu 1913 Boma la South Africa lidaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kotentha kuno, koma m'zaka za m'ma 1930 khomo lidatsegukanso. Kuyambira 1923 kufikira 1932 ndalama za Sovereign zinkasulidwa ku Pretoria komweko, pafupi ndi migodi, ndipo mu 1967 South Africa idayamba kusula Krugerrand, ndalama ya aunsi imodzi ya golidi. Pofika 1973 Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya dzikolo. Sitima ya pamtunda, imene idafika ku Salima mu 1935, idanyamula anyamata ambiri a kunyanja kuno pa ulendo woyamba wa moyo wao. Ena adabwerako ndi njinga, wailesi ndi malata; ena adabwerako ndi chifuwa chosatha; ena sadabwereko konse. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, nipha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwao. Boma lidaimitsa ulendo wa ku migodi, ndipo ngakhale udayambanso mu 1977, udatheratu mu 1988.

Nkhani ya anthu amenewa siidathe. Mu July 2019 bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg lidavomereza pangano lakuti makampani a golidi apereke ndalama zokwana 5 biliyoni za Rand kwa ogwira ntchito amene adadwala matenda a fumbi la m'mapapo ndi chifuwa chachikulu, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust lidakhazikitsidwa kuti ligawe chipukutamisozicho. Ambiri mwa abambo athu amene adatsika m'maenjewo ndi okalamba tsopano, ena adatisiya, ndipo mapepala ao a ku Theba adadyedwa ndi chiswe. Tikamaona nkhope ya mfumu ikunyezimira pa golidi, tiyeni tikumbukire nkhope zimene sizidajambulidwepo.

ULENDO WA MFUMU MAGANGA

Chaka cha 1953 chidali chaka cha chisoti cha Mfumukazi Elizabeth, amene adavekedwa pa 2 June. Chaka chomwecho ku Southern Rhodesia, kumene ndalama zake ndizo zinkayenda kuno, kudasulidwa ndalama ya siliva ya masheleni 5 yokumbukira zaka 100 chibadwire Cecil Rhodes. Mbali imodzi idali ndi nkhope ya Mfumukazi. Mbali inayo idali ndi nkhope ya Rhodes, ndipo pansi pake padali zishango zitatu, cha Southern Rhodesia, cha Northern Rhodesia ndi cha Nyasaland. Ndalamayo idanena poyera chimene atsamunda ankakonza: kumanga maiko atatuwa m'mtolo umodzi.

Eni dziko adali atakana kale. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho mafumu a dziko lino adapita ku London kukadandaula kwa Mfumukazi kuti Chitaganya chisakhazikitsidwe. Pa gululo padali Inkosi M'mbelwa II, Mfumu Somba, Mfumu Kuntaja, a Willard Gomani amene adaimira bambo ao, ndi Mfumu Maganga ya kuno ku Salima, imene dera lake ndilo muli Senga Bay. Iwo adaganiza monga mwa mwambo wathu, kuti mfumu imamva mfumu inzake, ndi kuti amene adalonjeza kuteteza dziko sangakane kumva madandaulo a otetezedwawo. Koma sadaloledwe kuonana ndi Mfumukazi. Adaonana ndi nduna yoona za maiko a atsamunda, Oliver Lyttelton, nabwerera chimanjamanja. Chitaganya chidakhazikitsidwa chaka chomwecho, ndipo kuyambira 1955 ndalama zake zidafalikira m'misika yathu: tiki, sikisi ndi sheleni zokhala ndi nkhope ya Mfumukazi, ndi kobiri loboola pakati lokhala ndi njovu ziwiri.

Sitikunena izi pofuna kunyoza malemu Mfumukazi. Malamulo a ku Britain salola mfumu kuchita zosemphana ndi uphungu wa nduna zake, ndipo m'zaka zotsatira Mfumukaziyo adakhala bwenzi la dziko lino, nadzatichezera mu July 1979. Chimene tikunena ndi chakuti ndalama ya chikumbutso imafotokoza mbiri monga wosulitsayo akufunira. Ndalama ya 1953 idaonetsa zishango zitatu zogwirizana, koma siidaonetse mafumu asanu atatsekeredwa khomo. Chitaganya chidatha pa 31 December 1963. Ndalama zake zidasanduka zoseweretsa ana, pamene ulendo wa Mfumu Maganga ndi anzake ukadali chinthu choyenera kuphunzitsidwa m'sukulu iliyonse ya m'boma lino.

NDALAMA ZATHU

Dziko lino litalandira ufulu pa 6 July 1964, Mfumukazi Elizabeth adakhalabe mfumukazi ya Malawi kwa zaka 2, ndipo Sir Glyn Jones ndiwo ankawaimira ngati Bwanamkubwa. Komabe ndalama zoyamba za Malawi sizidatenge nkhope ya Mfumukazi. Zidatenga ya Nduna Yaikulu, Dr. H. Kamuzu Banda, ndipo kuseri kwake kudali tambala, chimanga, njovu ndi chizindikiro cha dziko. Pa ndalama za pepala padajambulidwa nyanja yathuyi, dzuwa likutuluka, asodzi ali m'bwato. Pa 6 July 1966, tsiku limene dziko lidasanduka Lipabuliki, padatuluka ndalama ya chikumbutso ya masheleni 5, imene siidali ya golidi. Mu 1971 tidasiya mapaundi ndi masheleni, tidayamba Kwacha ndi Tambala, ndipo Kwacha 2 ndizo zidalowa m'malo mwa paundi imodzi.

Ndalama ya golidi imene tikufuna kuti owerenga athu aiganizire ndi ya 1978. Chaka chimenecho Malawi, pamodzi ndi maiko ena ambiri, adalowa m'ndondomeko yosula ndalama zothandiza kuteteza nyama za kutchire. Padatuluka ya siliva ya K5 yokhala ndi mbidzi, ya siliva ya K10 yokhala ndi mphalapala, ndi ya golidi ya K250 yokhala ndi nyala, nyama imene kwao ndi ku Lengwe. Ya golidiyo imalemera magalamu oposa 33, ndipo mwa amenewa magalamu 30 ndi golidi weniweni.

Tsono taonani chimene chachitika. Mu 1978 Kwacha imodzi inkaposa dola imodzi ya ku America, kotero kuti K250 yolembedwa pa ndalamayo idali yoposa mtengo wa golidi amene adali m'kati mwake. Munthu amene akadasankha pakati pa K250 ya pepala ndi golidi wa magalamu 30, akadachita mwanzeru pa tsikulo kutenga pepala. Koma pa mtengo wa October 2025, golidi wa m'ndalama yomweyo adali wa madola oposa 3,800, pamene K250 ya pepala siigula ngakhale mulu wa usipa. Golidiyo sadakule, ndipo nyala ija siidabereke. Kwacha ndiyo yafooka. Idatsitsidwa mphamvu kwambiri mu May 2012, idatsitsidwanso ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene dola imodzi idafika pa K1,700. Chifukwa chake n'chodziwika: timagula kunja mafuta, feteleza ndi mankhwala a ndalama zambiri kuposa zimene timapeza pa fodya, tiyi, shuga ndi zina zimene timagulitsa, ndipo Boma limakongola kuti likwaniritse zimene misonkho yalephera. Mtolo wa mayi wa ku Senga Bay uja udayambira pamenepa.

GOLIDI SASUNGA MPANDO

Palinso phunziro kwa olamulira. Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia idachezera dziko lino mu 1965, ndipo malo ena pa phiri la Zomba adatchedwa Emperor's View pokumbukira ulendowo. Mu 1966 dziko lake lidasula ndalama za golidi zamitundumitundu zolemekeza zaka 50 za utsogoleri wake. Mu 1973 njala idapha anthu miyandamiyanda m'chigawo cha Wollo pamene akuluakulu a Boma ankabisa mbiri yake, ndipo mu September 1974 asilikali adaichotsa mfumuyo pa mpando. Shah wa ku Iran adasulitsa ndalama za golidi mu 1971 pa chikondwerero cha zaka 2,500 za ufumu wa Persia, chimene chidadya chuma chosaneneka. Pofika January 1979 adali atathawa m'dziko lake. Ndalama zao zikadalipo m'mabokosi a anthu achuma ku Ulaya, ndipo zimagulitsidwa poyesa kulemera kwake.

Ngakhale kuno kwathu nkhope za pa ndalama zasinthasintha monga nyengo. Nkhope ya Dr. Banda idakhala pa ndalama zathu kwa zaka 30. Chitatha chisankho cha 1994 idalowedwa m'malo ndi ya a Bakili Muluzi. Mu 1997 ndalama za pepala zidatenga nkhope ya Mbusa John Chilembwe. Ndipo mu 2012 Dr. Banda adabwereranso pa K1,000. Ife tikuona kuti njira yoika pa ndalama anthu okhawo amene adatsiriza ulendo wao ndipo mbiri yawayeza, ndiyo yanzeru. Mtsogoleri amene akadali pa mpando asathamangire kudzisulira chikumbutso, pakuti ntchito yake siidathe kuweruzidwa.

Ndalama za 2012 zomwezo zidalemekeza mafumu athu awiri. Pa K20 padaikidwa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II, amene adali pa ulendo wa ku London uja. Pa K50 padaikidwa Inkosi ya Makhosi Gomani II, amene adakana Chitaganya ndi malamulo okakamiza a malimidwe, nachotsedwa pa mpando ndi atsamunda mu 1953, namwalira mu 1954. Ulemu umenewu udali woyenera, ndipo udaposa wa golidi, chifukwa udalowa m'dzanja la mwana aliyense wotumidwa kukagula machesi. Koma ulemu wa pa ndalama umatha pamodzi ndi mphamvu ya ndalamayo. Pamene K20 ndi K50 zasanduka zosagula kanthu, nkhope za mafumuwa zikuchoka pamaso pa ana athu. Wofooketsa Kwacha amafafanizanso mbiri.

MMENE MAKOLO ANKAKUMBUKIRA MFUMU

Ife a kunyanja tili ndi mbiri ya ufumu imene siidayambe ndi atsamunda. Kummwera kwa boma lino, pafupi ndi Mtakataka, kuli Mankhamba, kumene kudali likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi. Katswiri wofukula zakale, Dr. Yusuf Juwayeyi, adapezako mikanda ya galasi, zidutswa za mbale za ku China, zinthu za mkuwa ndi minyanga ya njovu, umboni wakuti makolo athu ankachita malonda ndi maiko a kutsidya kwa nyanja ya mchere zaka mazana angapo zapitazo. A Kalonga sadasule ndalama yokhala ndi nkhope zao. Komabe dzina la dziko lino lidachokera ku ufumu wao, dzina la Kalonga likadali pa mpando kuno ku Salima, ndipo chaka ndi chaka m'mwezi wa August Achewa a m'Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ufumu umene wakhala m'mitima ya anthu sufuna golidi kuti ukumbukike.

Chitsanzo china chili pafupi kwambiri. Pa chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira, pali lamulo limene lidayamba m'zaka za m'ma 1950 lotseka usodzi m'miyezi ya dzinja kuti nsomba ziswane. Asodzi onse amachoka pachilumbapo kufikira mfumu itatsegula ndi mwambo. Lamuloli ladutsa m'maboma a atsamunda, a chipani chimodzi ndi a zipani zambiri, ndipo pamene chambo chasowa m'madera ambiri a nyanja ino, akatswiri a za nsomba amabwera kudzaphunzira ku Mbenji chifukwa chake utaka ukadalipo. Mfumu imene idakhazikitsa lamuloli ilibe ndalama ya golidi, koma banja lililonse limene limadya ndi kuphunzitsa ana kuchokera ku nsomba za pa Mbenji limaikumbukira mosadziwa. Ukayenda siya phazi, adatero akuluakulu.

ZOYENERA KUCHITA

Kodi tsono Malawi asule ndalama za golidi, kaya zolemekeza mafumu kaya zoti anthu asungiremo chuma? Anansi athu a ku Zimbabwe adayesa njirayi. Mu July 2022 banki yao yaikulu idatulutsa ndalama ya golidi ya aunsi imodzi yotchedwa Mosi-oa-Tunya, pofuna kuti anthu asiye kuthamangira madola. Amene adatha kuigula adali makampani ndi anthu olemera, ndipo ndalama ya dzikolo idapitirira kugwa. Mu April 2024 adayambitsa ndalama yatsopano ya ZiG, imene adati yatsamira pa golidi, koma mu September chaka chomwecho idatsitsidwa mphamvu ndi 40 peresenti ndi kupitirira. Golidi sangachize nthenda imene gwero lake ndi kudya zoposa zimene walima.

Ife tikuona kuti golidi wa dziko lino ali ndi ntchito yoposa chikumbutso. Golidi akukumbidwa ndi anthu wamba m'madera monga kwa Makanjira ku Mangochi ndi m'chigwa cha Lisungwe, ndipo wambiri wakhala akutuluka m'dziko mozemba. Mu 2021 Banki Yaikulu ya Reserve idayamba kugula golidi kwa okumba ang'onoang'ono kudzera m'bungwe lake la Export Development Fund. Ganizoli ndi labwino, pakuti golidi wosungidwa m'nkhokwe ya dziko amathandiza pa tsiku losowa ndalama za kunja. Koma lidzaphula kanthu pokhapokha wokumbayo atapatsidwa mtengo wopikisana ndi wa ozembetsa, atalipidwa msanga, ndipo sikelo itakhala yoona. Boma lionetsetsenso kuti maenje asagumukire ana athu, ndi kuti mankhwala oopsa otsukira golidi asatsikire m'mitsinje imene imathira m'nyanja, chifukwa poizoni wolowa m'madzi ku Mangochi sadziwa malire a Salima. Tisabwereze kwathu kuno zimene tidalira nazo ku Joni.

Chachiwiri, akuluakulu oona za ntchito alimbikire kufufuza abambo onse amene adagwira ntchito m'migodi ya golidi, pamodzi ndi amasiye ao, ndi kuwathandiza kuyezetsa m'mapapo ndi kulemba mapepala, kuti amene ali oyenera chipukutamisozi alandire akadali moyo. Mafumu ndi nyakwawa amawadziwa anthuwa ndi maina. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Chachitatu, ndalama zathu zakale zisungidwe poti ana azizione. Mwana wa sukulu wa kwa Pemba kapena kwa Ndindi ayenera kuona ndi maso ake kobiri loboola, sheleni ya chimanga ya 1964 ndi tambala wa 1971, ndipo mphunzitsi amufotokozere zimene ndalama iliyonse inkagula. Phunziro la mbiri ndi la masamu zidzakumana pamenepo. Mabanja amene ali nazo m'zitini asazitaye, ndipo asazipereke kwa munthu wongodutsa.

Pomaliza tichenjeze owerenga athu. Mtengo wa golidi ukakwera, akathyali nawo amachuluka. Kumabwera anthu onena kuti ali ndi ndalama ya golidi ya Mfumukazi imene akugulitsa motchipa chifukwa cha mavuto, pamene ndi mkuwa wopakidwa kunja. Kumabwera ena onena kuti kobiri lakale lili ndi mphamvu yodabwitsa, ndipo kuti wogula wa mamiliyoni akudikira, bola inu muyambe mwapereka ya ulendo. Tiki, sikisi ndi sheleni za Chitaganya zidasulidwa zochuluka zedi, ndipo mulibe golidi m'kati mwake. Ndalama yeniyeni ya golidi ili ndi kulemera ndi kukula kodziwika, ndipo palibe munthu wanzeru amene angaigulitse pansi pa mtengo wa golidi wake. Musagulitse ukonde, injini ya boti kapena ng'ombe chifukwa cha chitsulo chonyezimira. Safunsa adadya phula.

Anthu a ku Britain ali ndi ufulu wolemekeza mafumu ao monga mwa mwambo wao, ndipo luso la osula ao ndi losiririka. Koma ife tikafuna kulemekeza M'mbelwa, Gomani, Maganga ndi onse amene adaimira dziko lino pa nthawi yovuta, tiyambe ndi ndalama imene ili kale m'manja mwa anthu. Tilime ndi kugulitsa kunja zoposa zimene tikugula, Boma lisamale pa kakongoledwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka misonkho, ndipo nyanja yathu tiisunge monga a ku Mbenji aisungira. Tsiku limene mayi wa ku Senga Bay adzagule beseni la usipa ndi ndalama zokwana m'dzanja limodzi, nalandira chenje cha chitsulo chimene mwana wake angagulire kope, mafumu a pa ndalama zathu adzakhala atalandira ulemu wao.